Chaka Chimene Yunivesite Inabwera Kumudzi

A Mkonzi atandipempha kuti ndilembeko kanthu m'kalata yathu ino, poyamba ndinakana. Ine ndine wa m'boma, ndipo zimene ndimalemba tsiku ndi tsiku ndi makalata a ofesi ndi malipoti amene munthu sawerenga pofuna kusangalala. Koma atandikumbutsa kuti ndine uja ndinkavutitsa aphunzitsi a Histole ndi mafunso mpaka belu la nsima kulira, ndinasowa pothawira. Tsono ndasankha kulemba mbiri ya chinthu chimene tonse tinachiona ndi maso koma tayamba kale kuchiiwala, ndicho miyezi ija ya mliri wa Covid-19 pamene ana athu a ku yunivesite anauzidwa kuti aziphunzira ali kwawo kudzera pa intaneti. Ndilemba za kwathu ku Chiradzulu, pakuti ndiko ndikukudziwa bwino, ndiponso ambiri a ife tinakulira m'tsinde mwa phiri lomwelo.

Tiyambe ndi masiku, poti mbiri yopanda masiku imasanduka nthano. Pa 20 Malichi 2020, Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti dziko lili pa ngozi chifukwa cha mliriwu, nalamula kuti sukulu zonse, kuyambira pulayimale mpaka yunivesite, zitsekedwe kuyambira pa 23 Malichi. Misonkhano ya anthu oposa 100 inaletsedwa. Apo n'kuti m'dziko muno musanapezeke ngakhale munthu mmodzi wodwala matendawa, pakuti atatu oyamba analengezedwa pa 2 Epulo. Boma linafuna kuti anthu abindikire m'nyumba kwa masiku 21 kuyambira pa 18 Epulo, koma bwalo lalikulu la milandu linaimitsa lamulolo. Kotero misika inapitirira, maminibasi ankayenda, misonkhano yokopa anthu pa chisankho cha pa 23 Juni inkadzaza, koma zipata za sukulu zinakhala zotseka kwa miyezi yoposa isanu. Zinayamba kutsegulidwa pa 7 Seputembala kwa olemba mayeso ndi a chaka chomaliza, ndipo otsalawo anabwerera pa 12 Okutobala. Mu Januwale 2021 mliri unabweranso mwaukali, nutenga nduna ziwiri za boma tsiku limodzi, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, ndipo sukulu zinatsekedwanso kwa masabata angapo.

M'kati mwa miyezi imeneyo ndi mmene makolo tinayamba kumva maina achilendo monga Zoom, Moodle ndi Google Classroom. Mayunivesite ena anayamba msanga kuphunzitsa pa intaneti, ena anayesa n'kusiya, ena anangodikira kuti zipata zitsegulidwe. Mukafunsa munthu lero chifukwa chimene njirayi inavutira, adzakuuzani za magetsi ndi za ndalama. Sakunama ayi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse ndi zimene zinkaunikira ndi magetsi, ndipo kumidzi chiwerengerocho chinali chotsika koposa. Kafukufuku wa boma wa 2019 anaonetsa kuti ogwiritsa ntchito intaneti sankafika 15 pa anthu 100. Bandulo inali yodula kotero kuti chaka chomwecho cha 2020 achinyamata anachita kampeni yoti mitengo yake itsike.

Koma ine ndinaona mwana amene anali ndi foni yabwino, bandulo yodzaza ndi sola padenga, nalepherabe kuphunzira. Kuti timvetse chimene chinamulepheretsa, tiyenera kubwerera m'mbuyo ndi kufunsa kuti kodi sukulu yakhala chiyani kwa munthu wa ku Chiradzulu chiyambire.

Boma la Chiradzulu ndi laling'ono, la anthu oposa 350,000 malinga ndi kalembera wa 2018, koma pa mbiri ya maphunziro dzina lake ndi lalikulu. Mu 1861 Bishopu Charles Mackenzie wa mishoni ya UMCA anamanga pa Magomero pamodzi ndi anthu amene anawomboledwa kwa ogula akapolo, ndipo ana a pamenepo anayamba kuphunzitsidwa, ngakhale kuti mishoniyo siinakhalitse. Mu 1900 John Chilembwe anakhazikitsa Providence Industrial Mission pa Mbombwe, ndipo m'zaka zochepa sukulu zake zinali ndi ana mazanamazana. Ku Nguludi ansembe a chipani cha Montfort anamanga mishoni imene inadzabala sukulu, chipatala, koleji yophunzitsa aphunzitsi a ana osaona ndi osamva, ndipo potsiriza Catholic University of Malawi, imene inatsegula zitseko zake mu 2006. Yunivesite imeneyi nayonso inatsekedwa mu Malichi 2020 monga zinzake zonse.

Mukayang'ana malo onsewa muona kuti akufanana pa chinthu chimodzi. Sukulu inali malo opatulika, okhala ndi bwalo lake, belu lake ndi zovala zake. Ofuna maphunziro ankachoka pakhomo. Chilembwe mwini wake anawoloka nyanja mu 1897 pamodzi ndi Joseph Booth, nakaphunzira ku Lynchburg m'dera la Virginia. Daniel Malikebu anatsata mphunzitsi wake Emma DeLany mpaka ku America, nabwerako ali dokotala, ndipo ndiye anatsegulanso PIM mu 1926, patatha zaka 11 chitsekedwere pambuyo pa kuukira kwa 1915. Makolo athu anaona zonsezi ndipo anamvetsa kuti wophunzira ndi munthu amene wachoka. Wochokayo mudzi umamumasula. Samuwerengera kudimba, samuwerengera kumunda, ndipo maliro akachitika amangomutumizira uthenga.

Ifenso tinachoka chimodzimodzi. Mukukumbukira thiranki ija yachitsulo, chimanga chokazinga ndi chigumu m'jumbo, ndi amayi akutiperekeza mpaka pamsewu. Tikalowa pachipata, nthawi yathu inali m'manja mwa belu. Belu ndilo linkatidzutsa, kutiitanira ku nyemba zofumbwa, ndi kutikhazika pansi pa prep, ndipo panalibe wobwera kudzatituma mchere kusitolo. Tikabwerera pa holide tinkasandukanso ana a pakhomo, ndipo mabuku ankagona m'thiranki mpaka sabata yotsegulira. Panali pangano losalembedwa pakati pa mudzi ndi sukulu lakuti kusukulu ndi kwa mabuku, kunyumba ndi kwa ntchito. Pa 23 Malichi 2020 pangano limeneli linasweka, ndipo palibe amene anakhala pansi ndi mudzi kuti apangane latsopano.

Wina anena kuti kuphunzira uli kutali ndi mphunzitsi si kwachilendo m'Malawi. Zoonadi. Makalaliki ndi aphunzitsi a m'nthawi ya atsamunda ankalembetsa maphunziro a pa kalata ku makoleji a ku Britain ndi ku South Africa. Mu 1965, chaka chomwe University of Malawi inayamba kuphunzitsa pa Chichiri ndi ophunzira 90, boma linakhazikitsa Malawi Correspondence College, imene tonse tinkaitchula kuti MCC. Cholinga chinali chakuti amene sanasankhidwe kupita ku sekondale azilandira maseti, aziwerenga okha, azimvera maphunziro pa wailesi ndi kutumiza mayankho pa positi. Koma taonani mmene zinathera. Kunabadwa malo okumanirako, okhala ndi mphunzitsi woyang'anira. Mu 1987 dzina linasintha kukhala Malawi College of Distance Education, malo aja tinkawatcha ma DEC, ndipo mu 1998 boma linawasandutsa masekondale oyendera amene lero timati CDSS. Sukulu imene inayamba ndi envulopu inathera pomanga makalasi. Phunziro lake linali loonekeratu, lakuti kwathu kuno maphunziro akutali amayenda akapeza malo ndi munthu woyang'anira. Tinaliiwala.

Ine sindinayenera kuliiwala, pakuti linachitika m'nyumba mwathu. Achemwali anga, amene ndinapondana nawo, anali anzeru kuposa ine pa masamu, koma dzina lawo silinatuluke pa wailesi. Analembetsa ku MCDE, ndipo poti DEC inali kutali ankawerenga kunyumba. Ine ndikupita ku sukulu yathu ija mu 1995, iwo n'kuti ali ndi mulu wa maseti pamwamba pa kabati. Pobwera pa holide ndinkapeza muluwo ukuchepa. Ena anayatsira moto, ena anakulungira zitumbuwa. Anakwatiwa asanalembe mayeso a Folomu 2, ndipo tonse tinangoti sukulu inawakanika.

Mwana wawo wamkazi ndiye anali m'chaka chachiwiri pa yunivesite ina m'dziko muno pamene mliri unafika. Kwathu malume ndiye mwini mbumba, kotero fizi yake inali pamutu panga. Sukulu zitatsekedwa ndinamugulira foni yatsopano, ndinaika sola padenga la nyumba ya amayi ake, ndipo mwezi uliwonse ndinkamutumizira bandulo kuchokera ku Lilongwe. Ndinkadziona ngati malume wotsogola. Chakumapeto kwa Meyi anandiimbira akulira, akuti akufuna kusiya chaka chimenecho kuti adzayambirenso mliri ukadzatha. Ndinapsa mtima, ndinapempha tchuthi, ndipo ndinapita kumudzi ndi cholinga chokamukalipira. Ndinakhala sabata imodzi, ndipo wokalipiridwa ndinali ine.

Choyamba chimene ndinaona ndi nthawi. Phunziro loyamba linkayamba 8 koloko m'mawa. Pofika nthawi imeneyo mwanayo anali atasesa pabwalo, atapita kumjigo kawiri, atatereka madzi osamba ndi kuphika phala. Mlongo wake wa Folomu 3, amenenso anali pakhomo, ankadzuka dzuwa litatuluka. Inali nyengo yokolola, chimanga chili mulu pakhonde. Palibe amene anamuletsa mwanayo kuwerenga, ndipo amayi ake ankanena ndithu kuti lowa ukaphunzire. Koma nditamufunsa chifukwa chimene ankatulukira phunziro lili pakati, anandiyankha kuti, “Malume, ndingakhale bwanji pampando nditatseka chitseko, amayi ali pamphasa akutonola chimanga okha?” Ndinasowa chonena, pakuti ulemu umene unkamudzutsa pampandowo ndi womwewo umene tinamuphunzitsa ife.

Chachiwiri ndi foni. Netiweki inkagwira bwino pachulu china kuseri kwa nyumba, m'mbali mwa njira ya kumjigo. Pamenepo ndi pomwe ankakhala, timawaya tili m'makutu. Amayi odutsa ankamupatsa moni, iye osamva, kapena ali pakati poyankha funso. Sabata isanathe mbiri inali itawanda yakuti mwana wa uje wayamba kunyada, ndipo kenaka yakuti amakhalira kucheza ndi amuna pa foni. Alamu anga anazimva pamsika, ndipo anamulanda foniyo masiku atatu. Nditawafunsa anati, “Alamu, sukulu yake iti yopanda choko? Ine ndikumva mawu a mwamuna ola lathunthu, mwana akumwetulira. Inu mukanatani?” Musafulumire kuwaseka. Kumudzi foni inkadziwika ngati chida cholandirira ndalama, cholengezera maliro ndi chopangira zibwenzi. Ndiponso mantha awo anali ndi maziko, pakuti kafukufuku wa boma anadzapeza kuti m'miyezi imene sukulu zinali zotseka atsikana oposa 40,000 anatenga pakati, ndipo ana pafupifupi 13,000 analowa m'banja.

Chachitatu ndi maliro. Tsiku lina anali ndi mayeso a ola limodzi, otseguka 10 koloko ndi kudzitseka okha 11 koloko. Usiku wake pakhomo loyandikana nalo panagwa zovuta. Mtsikana wa msinkhu wake amayenera kukatunga madzi ndi kukathandiza kuphika kusiwa. Akanakhala kuti ali kuhositelo, palibe akanamufunsa. Koma anali pamudzi, aliyense akumuona, ndipo kukhala m'nyumba ndi foni anthu akulira kuseri kwa mpanda kukanachititsa manyazi banja lonse mpaka kwa anyakwawa. Anapita kusiwa, ndipo malikisi anapita. Makina aja sadziwa kuti mawu akuti “kwagwa zovuta” amatanthauza chiyani. Aphunzitsi ake anamumvetsa pambuyo pake, koma mwanayo anatha masabata awiri akuopa kuwalembera.

Chachinayi ndi manyazi. Ife tinaphunzira pa sukulu imene kulankhula Chichewa kunali mlandu, ndipo Chingerezi tinkachisiya pachipata popita kwathu. Mwana uyu ankayenera kulankhula Chingerezi mokweza agogo ake ali pakhonde, ndipo iye mwini ankamva ngati akudzitukumula kapena akuwanena. Choncho ankayankha monong'ona kapena kungokhala chete. Kamera sankayatsa. Ankati ikutha bandulo, ndipo zinali zoona, koma panalinso china. Kuhositelo mabedi onse ndi ofanana, monga mmene yunifolomu inkatifananitsira ife, mwana wa mlimi ndi mwana wa bwanamkubwa. Kamera inkaonetsa khoma losapaka laimu, nkhuku ikudutsa ndi matumba a chimanga pakona, pamene anzake ena ankaoneka ali pa sofa ku Namiwawa. Umphawi umene sukulu inkabisa, intaneti inauika poyera.

Kuti ndisamve mbali imodzi, nditabwerera ku Lilongwe ndinacheza ndi mnzathu wina wa chaka chathu amene amaphunzitsa pa yunivesite. Dzina sinditchula, koma amene munali naye m'kwaya mumudziwa. Iye anati chimene chinamusautsa koposa ndi kusaona nkhope. Mphunzitsi wa kwathu amaphunzitsa ndi maso. Akafunsa kuti “Tili limodzi?” kalasi lonse limayankha kuti “Eee,” koma iye amadziwa kuchokera pa kamvekedwe ka “eee” ameneyo ndi pa nkhope za a kumbuyo ngati amvadi. Pa Zoom ankangoona maina olembedwa pa timabokosi takuda. Akafunsa ngati pali funso, kunali zii. Timanena kuti safunsa anadya phula, komabe ana athu timawalera kuti asadule mawu wamkulu ndiponso asamuyang'ane m'maso. M'kalasi mphunzitsi wanzeru amauzindikira ulemu umenewu, namuitana mwanayo ndi dzina. Pa intaneti wamvetsa, wasokonezeka ndi wapita kukapha nkhuku onse amaoneka chimodzimodzi.

Anandiuzanso za kusokonekera kwa malire a ulemu. Kale wophunzira ankagogoda pa ofesi, naima mpaka atauzidwa kukhala. Tsopano nambala ya mphunzitsi inali ndi aliyense, ndipo mauthenga ankafika pakati pa usiku, nthawi imene mabandulo otchipa ankagwira ntchito. Atsikana ena ankaopa kulembera mphunzitsi wamwamuna paokha kuopa kuganiziridwa molakwa kwawo, ndipo aphunzitsi enanso ankaopa kuyankha pa chifukwa chomwecho. Aphunzitsi achikulire, anthu a madigiri atatu, anapezeka akuphunzitsidwa ndi ana a chaka choyamba podina kuti mawu amveke. Ena anaseka nazolowera, ena zinawapweteka mumtima. Panalinso nkhani ya chikhulupiriro pa mayeso. Ife timalemekeza satifiketi chifukwa timadziwa kuti mwini wake anakhala m'holo, woyang'anira akuyendayenda kumbuyo kwake. Mayeso olembera kunyumba anthu ankawakayikira, ndipo ine ndinamvapo ndi makutu anga anthu ophunzira bwino akunena monyoza kuti “digiri ya kolona.” Mawu amenewa ndi opanda chilungamo kwa ana amene anavutika kuposa mmene tinavutikira ife.

Koma mnzathuyo ananenanso chinthu chimene sindinkachiyembekeza. Chimene chinathandiza koposa sichinali Zoom koma WhatsApp, imene ana ankaidziwa kale ndipo siinkadya bandulo yambiri. Anayamba kujambula mawu ake mwachidule, mphindi zisanu kapena khumi, akusakaniza Chingerezi ndi Chichewa monga tichitira pocheza, ndipo ana ankamvera nthawi imene apeza mpata, ena akusenda nandolo. M'magulu amenewo ana amene sanatsegulepo pakamwa m'kalasi, makamaka atsikana, anayamba kulemba mafunso. Kulemba kunawachotsera mantha oimirira pamaso pa wamkulu. Iye akuti sanasiye njira imeneyi ngakhale mliri utatha.

Tibwerere kumudzi, kuti ndikuuzeni mmene nkhani ya mwana uja inathera. Zinthu ziwiri zinasintha, ndipo pa zonsezi ine malume wotsogola ndinalibepo dzanja.

Choyamba chinachitika mwangozi. Tsiku lina mvula yachiperoni ikuwaza, mwanayo anali m'nyumba kamera ili yoyaka poti inali nthawi yake yofotokoza ntchito imene analemba. Amayi anga, amene adzukulu amawatcha anganga, analowa kudzatenga lichero, naona nkhope ya bambo wachikulire wa magalasi pa foni. Atafunsa kuti ndani, anauzidwa kuti ndi aphunzitsi. Pomwepo anagwada, nawomba m'manja, nati, “Mwaswera bwanji aphunzitsi? Pepanitu sitinadziwe kuti mwafika.” Kalasi lonse linafa nalo phwete, ndipo mwanayo anafuna kulowa pansi. Koma aphunzitsi aja anasiya Chingerezi, nayankha kuti, “Ndaswera bwino mayi, kaya inu? Zikomo potibwereka mwanayu. Ndi wakhama kwambiri.” Madzulo ake anganga anali atalengeza kumjigo kuti iwo awaona okha aphunzitsi a ku yunivesite, munthu waulemu wake, ndipo kuyambira tsiku limenelo miseche inazilala. Zimene ine ndinalephera kufotokoza sabata yathunthu, moni umodzi unafotokoza.

Chachiwiri anachita ndi achemwali anga. Usiku wina tikudya anati, “Achimwene, inu mumati ine sukulu inandikanika. Siinandikanike ayi. Ndinalibe kopita.” M'mawa mwake anavala chitenje chawo cha kumvano, napita kwa akulu a mpingo kukapempha kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi, kamene kanali ndi tebulo, mabenchi awiri ndi sola. Anafufuza ana ena a makoleji a m'midzi yoyandikana nafe, napeza atatu. Mphunzitsi wina wopuma pa ntchito anavomera kusunga kiyi ndi kuona kuti akhala motalikirana ndiponso avala zotseka pakamwa. Kuyambira pamenepo mwana uja ankadzuka, kusamba, kuvala nsapato, kunyamula chikwama ndi kutsanzika kuti, “Ndapita kusukulu.” Ulendo wake unali wa mphindi khumi zokha, koma unali wokwanira. Wapita kusukulu satumidwa, sanenedwa, ndipo kusiwa amafika madzulo akaweruka popanda womudandaula. Ntchito zake zam'mawa anagawana amayi ake ndi mlongo wake uja, amene anaphunzira kutunga madzi ali ndi zaka 17. Masiku a chiperoni sola inkafooka ndipo ankakatchajitsa mafoni kumsika, koma sanaphonyenso mayeso. Mosadziwa, achemwali anga anamanganso DEC imene iwo anaisowa zaka 25 m'mbuyomo.

Mwanayo anamaliza maphunziro ake ndipo anavala gauni. Pa anayi aja, atatu anamaliza. Wachinayi, mtsikana wa mudzi wa kutsidya kwa mtsinje, anayamba kubwera mwa apo ndi apo, kenaka anasiyiratu, ndipo pamene zipata zinkatsegulidwa iye n'kuti ali pabanja. Kachipinda kaja kanabwera mochedwa kwa iye. Ndimamukumbukira nthawi zonse ndikamva anthu akunena kuti ana a masiku ano zinthu zawaphwekera.

Anzanga, bungwe la World Health Organization linalengeza pa 5 Meyi 2023 kuti Covid-19 siinalinso ngozi ya dziko lonse, koma nkhaniyi siinathere pomwepo. Mu Januwale 2023 kolera inachedwetsa kutsegulira sukulu ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Mu Malichi chaka chomwecho namondwe Freddy anatseketsa sukulu m'chigawo cha kummwera, ndipo kwathu ku Chiradzulu anapha anthu ndi kukokolola nyumba. Zipata zidzatsekedwanso tsiku lina, pa chifukwa chimene sitikuchidziwa lero. Komanso mayunivesite athu akuwonjezera maphunziro akutali chifukwa malo ogona ndi makalasi n'zosakwanira ana onse amene akukhoza mayeso. Adzukulu athu ambiri adzaphunzira ali kumudzi, kufuna kapena kusafuna.

Nchifukwa chake ndikupempha kuti pa msonkhano wathu waukulu ukubwerawu tiikepo mfundo imodzi. Takhala tikusonkha za penti, za mipira ndi za mphatso za ochita bwino, ndipo zonsezo ndi zabwino. Tsopano tikambirane ndi akuluakulu a sukulu yathu za chipinda chimodzi chokhala ndi sola, malo otchajira, matebulo ndi intaneti, chotseguka pa holide ndi pa nthawi za mavuto kwa mwana aliyense wa m'deralo amene ali pa koleji, kaya anaphunzira pa sukulu yathu kaya ayi. Tipeze mmodzi mwa aphunzitsi athu opuma kuti azisunga kiyi, ndipo tizimupatsa kangachepe. Koposa zonse, tsiku lotsegulira tidzaitane mafumu, akulu a mipingo ndi a mizikiti, ndi amayi a m'midzi yozungulira, kuti adzaone okha ndi kupatsana moni ndi aphunzitsi a pa foniwo. Mtengo wa zipangizo tidzawerengera pamodzi, ndipo ine ndalonjeza kale kwa Msungichuma kuti batire yoyamba ndidzagula ndine.

Ife tinapeza mwayi chifukwa makolo athu anatimasula, natiperekeza mpaka pamsewu. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Tiyeni tiwapezere ana awa kopita, kuti nawonso azitsanzika m'mawa ndipo mudzi uziwamasula.

Ndapereka moni kwa nonse, makamaka a Folomu 4 ya 1998 kulikonse kumene muli. Tikumane pa msonkhano.